Oyilo wa Galimoto Yoimba Mluzu

1975

Ana anga, za ubwana wanga kwa Mpingu munazimva mpaka kutopa nazo, choncho pano ndiyambira pa ntchito. Ndinamaliza Fomu 4 chaka chimene likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe kuno, ndipo ndinalowa m'tauni ndi sutikesi yachitsulo, masiketi awiri aatali ndi dayale. Dayale ndinayamba kulemba ndili Fomu 1, sindinasiye mpaka maso atayamba kuvuta. Zambiri zimene ndikukuuzani pano ndazitenga m'menemo, chifukwa mutu wanga wa masiku ano sindiukhulupirira kwenikweni. Pa tsamba la tsiku limene ndinaona City Centre koyamba ndinalemba kuti: "Nyumba zosanja zikumera pakati pa tchire. Msewu ndi wotakata ngati bwalo la mpira koma mulibe galimoto. Ambuye akalola ndidzagwira ntchito m'nyumba imodzi mwa zimenezi." Ambuye analola zina. Maofesi a boma a ku Kapitolo anabwera ndi makalaliki awo kuchokera ku Zomba, ena anabwera ndi mipando yomwe, ndipo ine nditayenda miyezi isanu ndi iwiri satifiketi ili m'envulopu ndinapeza malo ku Old Town, pa garaja ina ya ku Area 2, kuseri kwa masitolo. Ndinkasunga sitolo ya zipangizo: masipanala, mapulagi, mafyuluta, malamba a injini ndi oyilo. Makaniko akafuna kanthu ankabwera pa windo, ine n'kutulutsa. Kumudzi amalume anga atamva anaseka, amvekere mtsikana wa ku garaja sakhalitsa, abwerera chimanga chisanache. Bambo anga ankangoti, "Tiona." Mawu amodzi amenewo ndi amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse kwa azakhali ku Kawale kumene ndinkakhala.

Mwini garaja tinkangowatchula kuti a Bwana. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo mawu ochepawo sankawabweza. Koma amene ankalamulira pansi, pakati pa magalimoto, anali a Malizani, folomani, bambo wamfupi wa zikhatho zazikulu amene anaphunzira ntchito pa malole a fodya. Munthu ameneyu ndinkamuopa ndiponso ndinkamusirira. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuika pa injini ikulira, chogwirira n'kuika pa khutu, maso ali tsinzini, kenako n'kunena matenda ake ngati akuona m'kati mwa chitsulo. Akatsegula ankapeza zomwezo. Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za kusukulu.

"Awa ndiye a Fomu 4 aja? Zikomo, takulandirani. Mukadzadziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni mudzatiuze, tidzachite phwando."

Dzina loti a Fomu 4 linandikakamira. Oyilo wathu anali wa mu mgolo umodzi wokha, waukulu, wokhala ndi pampu pamwamba ndi loko pa chogwirira. Malole a mchenga ndi njerwa amene ankamanga likulu, mathirakitala, magalimoto a anthu wamba, onse ankamwa yemweyo. Anali oyilo wolemera, woyenda mwaulesi. Mgolo watsopano ukafika a Malizani ankamuyesa ndi zala: kudontheza pa chala chachikulu, kupanikiza ndi cha mkombaphala, kenako kutalikitsa zalazo pang'onopang'ono. Akatuluka kaulusi pakati ankagwedeza mutu. "Uyu ndiye oyilo. Dziko lotentha ngati lathu limafuna oyilo wa mafupa. Wamadzimadzi uja ndi wa mashini osokera." Ndipo pa malole athu aja sankanama. Zaka zonse zoyambazo sindinaonepo injini imene inafa chifukwa cha mgolo umenewo.

Patapita zaka zisanu, mwezi wa Juni

Inali nthawi ya kusowa. Njanji ya ku Mozambique inali pa mavuto chifukwa cha nkhondo, petulo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo anthu ankakankha magalimoto pa mzere kuti asawononge kotsala m'thanki. Zitini za oyilo zinatha m'masitolo. Ife mgolo wathu unali utafika pakati ndipo ndinkausunga ngati mbewu.

Lachiwiri lina m'mawa tinamva galimoto tisanaione. Pansi pa kulira kwa injini panali kamluzu koonda, kokwera pang'onopang'ono, kamene palibe aliyense wa ife anakamvapo. Inalowa pa geti galimoto yaing'ono yobiriwira, ya zitseko ziwiri, yogwa pansi. Amene anatulukamo anali a Mwale, injiniya wa za madzi, munthu wamtali waulemu amene anali atangolowa nyumba yatsopano ku Area 47. Anati anaigula kwa mzungu wina wojambula mapulani a nyumba za ku City Centre amene anabwerera kwawo, ndipo chigulireni anali asanasinthe oyilo. "Ndibwera 4 koloko," anatero. "Mawa masana ndikupita ku Kasungu, kuli anthu akundidikira kuti tikayese mapampu." Anandisiyira makiyi ndi kabuku ka galimotoyo kuti ndilembe nambala yake, iwo n'kukwera galimoto ya ku ntchito.

Boneti itatsegulidwa ntchito yonse inaima. Amakaniko anasiya malole ali pa majeki n'kudzaunjikana, ngakhale mlonda anasiya geti. Pambali pa injini panali chitsulo chopindika ngati chigoba cha nkhono, chachikulu ngati zibakera ziwiri. A Malizani anachisisita ndi chala, akulankhula motsitsa ngati m'tchalitchi. "Tebo iyi. Ndinaionapo pa chilole cha dizilo, yaikulu ngati mphika. Koma pa kagalimoto ka petulo? Azungu awa sagona." Ine ndinabwerera pa windo langa ndi kabuku kaja. Ndinali munthu wowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira nsomba, ndiye nditalemba nambala ndinapitiriza kutembenuza masamba. Zimene ndinawerenga zinandiimitsa tsitsi. Utsi wotuluka mu injini, umene ife tinkauona ngati chinthu chongotaya, unkalowa m'chigoba chija n'kuzungulitsa kagudumu ka mapiko, maulendo zikwizikwi pa mphindi imodzi, kagudumuko n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injini. Ndiye chifukwa chake kagalimoto kakang'ono kankakhala ndi mphamvu ya yaikulu. Kamtengo kachitsulo kogwira kagudumuko sikankakhudza chitsulo chinzake ayi, kankayandama pa oyilo basi, pamalo potentha mpaka chitsulo kufiira. Kabukuko kanati oyilo wake akhale woyenda msanga injini ikadali yozizira komanso wosapsa ikatentha, wa nambala ziwiri, 15W-40, ndipo kanachenjeza ndi zilembo zakuda kuti oyilo wa nambala imodzi angaphe teboyo. Ndinadzuka, ndinapukuta fumbi pa mgolo wathu. Panali nambala imodzi yokha, 40.

Tsono mwambo wa pa garaja pathu unali wakuti amayamba akhetsa kaye oyilo wakale, kenako n'kubwera pa windo kudzatenga watsopano. Pamene ndinkamaliza kuwerenga, galimoto inali kale pa dzenje lokonzerapo magalimoto, oyilo wake atathiridwa kale mu chimgolo cha oyilo wakuda amene anthu ankadzapempha kuti akapake mitengo ya denga poopa chiswe. Panalibenso zomubweza. A Malizani anafika pa windo akupukuta manja.

"A Fomu 4, malita anayi."

"Abambo Malizani, galimoto iyi siyenera wa mu mgolo."

"Yakunong'onezani?"

"Buku lake latero. Taonani pano."

Sanayang'ane n'komwe. "Bukulo linagonapo pansi pa galimoto? Linalembedwa kwa anthu a chisanu, kumene madzi amauma m'ndowa. Kuno ndi ku Lilongwe, mayi. Tsegulani pampu."

"Pepani abambo, sinditsegula."

Mawuwo anatuluka okha. Zaka zisanu ndinali ndisanawakanepo kanthu. Amakaniko anayamba kuseka, wina amvekere, "Lero supuni yakana sipanala!" A Malizani sanaseke. Anati anayamba kuthira oyilo ine ndisanabadwe, anati akanakhala bambo anga akanandibweza kumudzi ndikasinje, kenako anangochoka n'kukalowa pansi pa lole. Galimoto yobiriwira ija inakhala pa dzenje tsiku lonse, m'mimba mopanda kanthu, kiyi wa pampu ali m'thumba langa.

A Mwale atabwera 4 koloko ndinaganiza kuti iwo, pokhala munthu wophunzira, andimvetsa. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anayang'ana wotchi. "Achemwali, ine ndimadziwa mapaipi a madzi. Za oyilo ndi za akuluakulu awa. Thirani amene alipo, ndipite." Apo ndinatsala ndekha. A Bwana anatuluka mu ofesi, anatenga kabuku m'manja mwanga, anawerenga tsambalo kawiri. Ndikhulupirira anaganiza za amene angadzaimbidwe mlandu injiniyo itafera pa msewu wa ku Kasungu. Koma ankaonanso kuti folomani wawo wanyozeka pamaso pa anthu ake.

"A Mwale anyamuka mawa masana," anatero. "Pofika 12 koloko oyilo wa m'bukuyu akhale pano. Akapanda kupezeka, muthira wa mu mgolo ndi dzanja lanu, mukatero makiyi a sitolo musiye pa tebulo langa."

Nditaweruka ndinayenda sitolo iliyonse ya ku Area 2 ndi Area 1 imene inali isanatseke. Ena ankandiseka, ena ankangoloza mashelefu opanda kanthu. Ndinafika ku Kawale ndi kabuku kaja m'chikwama, ndikuona kale nkhope ya amalume anga pondilandira kumudzi. Azakhali akuphika ine ndinakhala pakhonde n'kumatembenuza masamba otsala, osadziwa chimene ndikufuna. Kumapeto kwenikweni ndinapeza zolemba za pensulo. Mzungu uja ankalemba tsiku lililonse limene wasintha oyilo, ndipo pambali pake ankalemba kuti wasinthira kunyumba, yekha. Pa chikuto panali nambala ya nyumba ya ku Area 10. Ndinaganiza kuti munthu wosinthira oyilo pakhomo sagula chitini chimodzi, ndiponso pobwerera kwawo sakwera ndege ndi zitini.

Lachitatu la sabata lomwelo

Kunazizira m'mawa umenewo mpaka zala kukana kumanga mpango. Basi yoyamba inanditsitsa ku City Centre, kuchokera apo ndinayenda wapansi. Kumayadi ndinali ndisanalowepo. Kwathu ku Kawale Juni ndi mwezi wa fumbi, koma kuno kapinga anali wobiriwira, tizitsulo tikuzungulira tokha n'kumawaza madzi popanda munthu wotigwira. Kunali zii, moti ndinkamva nsapato zanga, ndipo pa mageti ena panali mbendera za maiko amene ndinangowaphunzira pa mapu. Ndinasochera kawiri, agalu anandiuwa mokwanira, mpaka ndinaipeza nyumbayo. M'kati mwa mpanda munali bambo wachikulire wa ovolosi akudula maluwa. Ndinagwada pang'ono n'kupereka moni, iwo anabwera pa geti. Dzina lawo anali a Zakeyu, a kwa Chadza, ndipo anali atagwira ntchito ya m'dimba pa nyumbayo kuyambira itangomangidwa. Anati m'nyumbamo tsopano mukukhala azungu ena. Nditatchula galimoto yobiriwira anagwetsa sizasi.

"Kaja kolira ngati mbalame? Kali moyo?"

"Kali moyo, abambo, koma kali pa dzenje, kalibe oyilo."

"Iii, Mulungu ndi wabwino. Bwerani, mwana wanga, muzungulire kuseriku."

Ananditengera ku kanyumba kawo kuseri, anagwada, anakoka katoni pansi pa bedi. Munali zitini zisanu za lita imodzi imodzi ndi fyuluta yatsopano. Pa chitini chilichonse panali nambala ziwiri zija. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. A Zakeyu anafotokoza kuti bwana wawo pochoka anawapatsa nsapato, wailesi ndi ambulera, monga ankachitira azungu akamapita, koma katoniyi anati si yawo, ndi ya galimoto, mwini wake watsopano akabwera amupatse. "Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikudikira. Madalaivala a m'nyumba zinazi abwera kangapo, akuti tigulitseni madala, panopa zimenezi ndi golide. Ine ndimati si zanga. Ndine mkulu wa mpingo ine, ndingakaime bwanji kutsogolo Lamulungu?" Kenako anakanda m'mutu, anatulutsa chitini chimodzi chobowoka pamwamba. "Koma ichi ndinatsegula. Tcheni cha njinga yanga chinkalira kwambiri. Kwa Mulungu ndinaulula kale, tsopano ndaulula kwa inu." Ndinaseka misozi ikutuluka. Ndinawauza kuti galimoto imafuna zinayi zokha, chotsegulacho chikhale cha njinga, ndikawafotokozera a Mwale. Anandipangira nkhata ndi chiguduli, ananditwika katoni pamutu, anandiperekeza mpaka pa geti, chifukwa kupitirira apo sakanatha pa nthawi ya ntchito.

Ku City Centre ndinadikira basi mpaka dzuwa linakwera. Wina anati mabasi aima, dizilo watha ku depoti. Ndinayamba kuyenda. Mtunda wochokera kumeneko kukafika ku Old Town mumaudziwa, inu mumaudutsa mutakhala pa mpando. Ine ndinauyenda ndi katoni pamutu, m'mbali mwa msewu wotakata uja, ndikupemphera kuti dzuwa liime. Pamene ndinkafika pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, chithunzithunzi changa chinali pansi pa mapazi. Ndinalowa pa geti ya garaja nthawi itapitirira ndi theka la ola.

Galimoto inali pa dzenje pomwe paja. Loko wa pa pampu anali wosakhudzidwa, ngakhale kuti a Malizani akanatha kumudula ndi sowo m'kanthawi kochepa. A Mwale anali chiimire pafupi ndi ofesi, ndipo ataona zitini anagwira pakamwa. "Anandiuzadi mzungu uja kuti ndikatenge katoni kunyumba. Ndinaiwaliratu." A Bwana anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndinati 12 koloko."

Ndinatula katoni, ndinalowa mu ofesi, ndinaika makiyi pa tebulo. Iwo sanawatenge, sanandiyang'anenso. Nditatuluka ndinapeza a Malizani atabowola kale chitini chimodzi, akuyesa ndi zala. "Madzi awa," anatero, koma mawu awo analibe ukali. Kenako anatulutsa m'thumba la ovolosi kapaipi kachitsulo kopindika, koonda ngati phesi la udzu. Anati ndi kamene kamapititsa oyilo ku tebo, ndipo anakamasula m'mawa atangofika, kusanafunde. "Ndinathiramo wa mu mgolo, wotsala m'kachitini kanga kothirira. Ndinayatsa fodya, ndinasuta, dontho loyamba likuganizabe zotuluka." Anadontheza wa m'chitini changa ku mbali imodzi, ndipo nthawi yomweyo anatulukira mbali inayo n'kutsikira pa chikhatho chawo. Amakaniko onse anasendera kudzaona. A Malizani anakayang'ana kapaipiko kwa nthawi yaitali. "Chinthu chothamanga chonchija, moyo wake wonse ukudutsa pa kabowo aka," anatero, akulankhula okha. Kenako anakamangirira pamalo pake, anasintha fyuluta, anathira zitini zinayi ndi dzanja lawo, osalola wina aliyense kugwira.

A Mwale anati iyesedwe kaye pa msewu isanapite ku Kasungu. A Malizani anakhala pa chiwongolero, a Mwale pambali pawo, kenako anasuzumira pa windo. "Mwini oyilo akwere. Ikafa ifere pamaso pake." Ndinapinda mpando ndi kulowa kumbuyo. M'tauni tinayenda pang'onopang'ono pakati pa njinga ndi ngolo, mpaka tinatulukira pa msewu wa ku City Centre, womwe ndinali nditangouyenda wapansi. Munalibe galimoto ina chifukwa cha kusowa kwa petulo. A Malizani anaponda. Poyamba sipanachitike chachilendo. Kenako kamluzu kaja kanayamba kukwera, kukwera, ndipo mwadzidzidzi china chake chinandikankhira ku mpando ngati dzanja la munthu wamkulu pa chifuwa. Mitengo ya m'mbali inasanduka mzere umodzi. Nyumba zoyera za ku Kapitolo, zimene zinali kutali pamwamba pa phiri, zinabwera kudzatichingamira. Ndinamva munthu akukuwa, "Mayo ine! Mayo ine! Kamwana aka!" ndipo anali a Malizani, akuseka kukamwa kuli yasa, bambo amene zaka zisanu ndinali ndisanawaonepo mano. A Mwale anagwira chipewa ngakhale mawindo anali otseka. Ine ndinkangoganiza za kagudumu kaja, kakuzungulira m'moto, kosakhudza kanthu, kakuyandama pa madzi amene ndinawasenza pamutu.

Titabwerera pa garaja amakaniko anatizungulira. Madalaivala a nthawi imeneyo anali ndi chizolowezi choponda moto kamodzi mwamphamvu kenako n'kuzimitsa pomwepo, ati kuti batire igone yokhuta. Ndinaona phazi la a Malizani likupita pa moto, dzanja likupita pa kiyi. Ntchito inali itandithera kale, ndiye ndinalibenso choopa.

"Abambo Malizani, buku likuti musaponde, ndiponso musazimitse msanga. Ilire yokha kaye mphindi imodzi, tebo izizire oyilo akuyendabe."

Anthu onse anamva. Khosi la a Malizani ndinkaliona kuchokera kumbuyo, linauma. Kenako phazi linabwerera, dzanja linachoka pa kiyi n'kukhala pa bondo. Tinakhala choncho anthu atatu m'galimoto, ena ataimirira panja, tikumvetsera injini ikupuma. A Mwale ndi amene anayang'ana wotchi n'kugwedeza mutu, ndipo a Malizani anazimitsa mofatsa.

A Mwale atanyamuka ndinapita kukatenga chikwama changa pa msomali pafupi ndi ofesi. A Malizani anandidutsa n'kuima pa chitseko cha a Bwana, akupukuta manja.

"Bwana, lole ya mchenga ija ikufuna fyuluta, koma sitolo ndi yotseka."

A Bwana sanadzutse mutu pa zimene ankalemba. Anakankha makiyi ndi nsonga ya cholembera mpaka kumapeto kwa tebulo.

"Ndiye mukundiuza ine? Wa sitolo si uyo waima kumbuyo kwanuyo?"

Ndinabweza chikwama pa msomali, ndinatsegula windo, ndinatulutsa fyuluta. Pa windo limenelo ndinakhalaponso zaka makumi awiri ndi zitatu.